Zidole za Millie

Sajeni Wyson Namakhwa, wapolisi wofufuza milandu, anatsika pa kabaza pa Chonde mapazi atatupa kale, dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe. Linali Lolemba la mu Okutobala, fumbi lili kobo pamsika. Kunali kutatsala miyezi yochepa kuti apume pa ntchito, ndipo milandu yomwe ankamupatsa masiku amenewo inali yomwe anyamata a mu ofesi ankaikana. Wa tsiku limeneli anachita kuuseka pomutuma: kwabedwa zidole.

Shopuyo inali kuseri kwa msika, chitseko chake chobiriwira, pamwamba atalembapo kuti Atsikana a M'tiyi. Mwini wake, Stella Mulepa, anali ataima pakhomo, foni ili kudzanja, ina ikulira m'chikwama.

"Bwana, mwachedwa. Ndinayamba kuimba foni dzulo masana."

"Ndafika, mayi. Chabedwa n'chiyani?"

Anamulowetsa m'kati. M'mashelefu munali zidole zansalu zotalika ngati botolo la zakumwa, zambirimbiri, chilichonse chitavala pitikoti yokha. Makina osokera anali pamalo pake. Batire la sola nalo linali pompo, pansi pa tebulo. Namakhwa analiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa wakuba wa pa Chonde akalowa m'nyumba amayambira pamenepo.

"Zonsezi wazisiya. Ndiye watenga chiyani?"

"Millie."

"Ndani ameneyo?"

"Chidole chatsopano." Stella analoza shelefu yopanda kanthu pafupi ndi zenera. "Chilichonse pano chili ndi dzina. Uyu ndi Hawa, uyo ndi Diana mng'ono wake. Munthu akagula Hawa mtima sukhala pansi mpaka apezenso Diana. Koma Millie ndi sipesho. Ndinapanga makumi awiri okha, ndipo ndinalengeza kuti sindidzapanganso. Makasitomala anasungitsa kale, ena ali kunja. Loweruka kuli chionetsero ku Blantyre, ndikawauza chiyani?"

Namakhwa anakhala pa mpando wa telala n'kumasula zingwe za nsapato. "Chimodzi chimadula kwambiri?"

"Chidole pachokha? Ayi ndithu. Ndimachigulitsa pa mtengo wa nsalu ndi thonje basi." Mawu a Stella anasintha, anayamba kuyankhula ngati ali ndi kasitomala. "Koma onani mmene chikupitira, m'pitikoti. Mzungu wotsika m'phiri, kaya mayi wa m'tauni amene wachiona pa Fesibuku, angachisiye chonchi? Agula kachitenje. Akagula kachitenje afuna kaduku. Mwezi wamawa ndatulutsa kadengu kothyolera tiyi, winawo kanjinga konyamula nanazi. M'dzanja la chidolemu muli kabatani kokolekapo tinthuti, zinthu za anthu ena sizigwira. Chidole amagula kamodzi, bwana, koma tizovalati amagula chaka chonse. Amayi onse amene amandisokera ndi kundilukira amadyera pamenepo."

"Nanga katoni iyo?"

"Ndi za Millie zomwezo. Tiambulera, tizikwama ta mabuku, tinsapato."

Katoniyo inali yodzaza, pansi penipeni pa shelefu yomwe inabedwayo. Namakhwa anatolamo kaambulera kamodzi, n'kukatsegula ndi chala. Kanatseguka bwinobwino ngati ambulera yeniyeni.

"Mwati phindu lili mu izi. Wakuba wanu bwanji sanazifune?"

"Ndi anyamata a ziboliboli a m'munsi mwa phiri aja," Stella anatero mofulumira. "Akhala akubera mapangidwe anga. Pitani mukawagwire."

Namakhwa anatseka kaambulera kaja. Maso ake anali pansi. Simenti inali yoyera, mizere ya tsache ikuoneka.

"Mwasesa muno?"

"Sindinakhudze kanthu. Loweruka tinaweruka mochedwa, zidutswa za nsalu zinali mbwee."

Zidutswazo zinali zitaunjikidwa bwino pakona. Namakhwa anagwada movutikira n'kuyamba kuzitakasa. Munali zofiira, zachikasu, zamaluwamaluwa.

"Millie wanuyo amavala chiyani?"

"Iye yekha ndiye amapita atavala. Yunifolomu ya sukulu, yabuluu."

Anatakasa mulu wonse. Munalibe kachidutswa kabuluu, ngakhale ulusi wake. Anapita pachitseko. Loko anali wabwinobwino, ndipo Stella anati anamupeza wokhoma.

"Makiyi ali ndi yani?"

"Ine. Ndi Kondwelani, amene amandipangira tinjinga tamawaya. Amabweretsa katundu ine kulibe. Koma Kondwelani sangandibere, ndine amene ndimamudyetsa."

Foni ya m'chikwama inayambanso kulira. Stella anatuluka nayo panja, mawu ake atasanduka okoma.

* * *

Mlonda wa mzere wa mashopuwo anali a Likaka, bambo okalamba amene anagwirapo ntchito kutsidya kwa malire. Namakhwa anawapeza pamthunzi wa khonde akusoka nsapato yawo. Anawapatsa moni wa Chilomwe, poganiza kuti mwina pakamwa pamasuka.

"Madala, dzulo munali pano?"

"Lamulungu ndimakhala usana wonse. Eni mashopu amakhala kutchalitchi."

"Wakuba munamuona?"

"Nada, bwana. Wakuba sindinamuone."

Namakhwa anali atafunsa anthu zaka zambiri, ndipo ankadziwa munthu akamasankha mawu.

"Chabwino. Nanga munaona yani?"

A Likaka anakoka ulusi ndi mano. "Anthu amadutsa."

"Pachitseko chobiriwira paja panaima munthu?"

"Panaima."

"Nthawi yanji?"

"Belu loyamba la kutchalitchi litalira."

"Simunamufunse?"

"Anatsegula ndi kiyi. Wotsegula ndi kiyi ine ndimufunsa chiyani?"

"Anakhalitsamo?"

"Anakhalitsa. Ndinamva tsache."

"Potuluka ananyamula chiyani? Thumba? Katoni?"

Bambowo anaika nsapato pansi. Anayang'ana kumsewu kumene minibasi inkaitanira anthu a ku Limbe, kenako anayang'ana wapolisiyo m'maso koyamba.

"Sananyamule. Anabereka kumbuyo, ndi chitenje, dzanja lina atagwiriziza pansi."

"Ndiye ndi mayi. Mukumudziwa?"

"Ine ndinangoimirira n'kuvula chipewa mpaka anadutsa. Zimene ndinachita ndi zomwezo. Mukafuna kundimanga ndimangeni, bwana, koma dzina sinditchula."

* * *

Kondwelani Khanyizira ankagwirira ntchito yake pa Thuchila, pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi malo omwera mowa kuti asamayende mtunda. Anali wowonda, wa zala zachangu, ndipo anayamba kuyankha asanafunsidwe.

"Abwana, nkhani ndaimva kale. Ine dzulo ndinali pompano kuyambira m'mawa. Funsani mayi wa kachasuyo, funsani anyamata a bawo, funsani ngakhale galu uyo. Ndinachoka pano dzuwa litalowa, ndipo sindinachoke ndi miyendo yanga, anachita kundikweza panjinga."

Mayi wa kachasu anavomereza ali patali, osasiya kutsuka mabotolo. Namakhwa anakhala pa chitsa. Pamphasa panali tinjinga tamawaya, kalikonse kali ndi kadengu kumbuyo, koluka ndi nsungwi zosalala ngati udzu.

"Madenguwa mumalukanso ndinu?"

"Ayi, amenewo ndi mayi a kunyumba. Manja awo ndi ena."

"Kiyi wa kushopu ali kuti?"

Kondwelani anapisa m'thumba la buluku, kenako la shati, kenako la buluku lomwelo. Anaseka.

"Ali kunyumba. Ndimamukoleka pa msomali. Ndikayenda naye kuno angagwere m'chimbudzi."

"Kunyumba kuli ndani?"

"Mayi okha. Koma iwowo musataye nawo nthawi, abwana, sayenda. Masiku ano n'kuyankhula komwe sakuyankhula. Ndadzuka lero ndapeza munthu wameta mpala, mutu uli mbee. Ndikuti kodi kwagwa maliro kuti? Osandiyankha. Ndi mmene alili amake Millie, muwazolowere."

Namakhwa anali akusisita bondo. Dzanja linaima.

"Mwati amake yani?"

Kondwelani anatseka pakamwa. Pulayala inamugwa m'manja.

"Bambo, ndakufunsani. Millie ndi ndani?"

"Anali mwana wathu." Mawu aja achangu anali atatha. "Mmodzi yekhayo. Chaka cha namondwe anapita kukacheza kwa azakhali ake m'munsi mwa phiri, Lachisanu ataweruka kusukulu. Madzi atatsika ndi miyala anatenga mudzi wonse. Sitinamupeze."

Namakhwa sanafune kufunsa dzina la mudziwo. Chaka chimenecho iye anali m'gulu la amene ankakumba m'matope ndi makasu, mphuno atamanga ndi mipango. Ankapeza mbale, nsapato, nthawi zina munthu. Amayi ankaima m'mbali kudikira, ndipo madzulo ambiri ankabwerera opanda chowauza. Kutupa kwa mapazi kunayamba nthawi imeneyo.

"Ndiye dzina la mwana wanu likupezeka bwanji pa chidole?"

"Mayi Mulepa ankafuna chidole chokhala ndi nkhani. Amati azungu sagula nsalu, amagula nkhani. Ine ndinangowafotokozera za mwana wanga tsiku lina, ndili ndi kamowa m'mutu. Iwo n'kuti, kodi palibe chinthu chake chimene chinatsala? Inatsala yunifolomu. Anaivula Lachisanu lija, amake n'kuichapa kuti adzavale Lolemba. Inali m'sutikesi."

"Munaitenga."

"Imangodyedwa ndi njenjete, abwana! Mayi Mulepa anati kadiresi kalikonse kasokedwa ndi nsalu yeniyeni ya mwanayo, anthu akunja adzamudziwa Millie, dzina lake silidzaiwalika. Ndi zoipa zimenezo? Anandipatsa kangachepe. Mwana ndi wanganso ine."

"Amake anavomera?"

Kondwelani anatola pulayala n'kuyamba kupinda waya umene unali wopindika kale.

"Ndinawauza mayi Mulepa kuti avomera."

Namakhwa anadzuka. Anatulutsa foni n'kuimbira Stella kuti akwere njinga yamoto akakumane pa Chinakanaka, pa mphambano yopita kwa a Khanyizira.

"Mwawapeza?" Stella anafunsa mokondwa.

"Ndikuganiza kuti ndikudziwa pamene ali. Bwerani nokha, musatenge munthu."

* * *

Nyumbayo inali ya njerwa zosawotcha, kumapeto kwa munda wa nandolo. Phiri linkaoneka pafupi kwambiri, mabala oyera a pamene panagumuka akuonekabe. Pakhonde panakhala mayi wamng'ono thupi, mutu wometa, akung'amba nsungwi ndi mpeni. Pafupi ndi chitseko panatsamira khasu. Mvula inali isanagwe, koma kukhasuko kunali dothi lofiira, la pansi.

"Odi. Ndinu mayi Rosie Khanyizira?"

"Ndine. Lowani, bwana. Ndimakudikirani." Anayang'ana Stella amene ankabwera pambuyo. "Nanunso mayi, fikani."

Anawayalira mphasa. Stella sanakhale.

"Rosie, ndiwe? Iwe amene ndakhala nawe zaka zonsezi?"

"Ndine."

Namakhwa anakweza dzanja kuti Stella adikire. "Mayi, ndiuzeni mmene zinayendera."

Rosie anaika mpeni pansi. Ankayankhula motsitsa, osathamanga, ngati akunena za munthu wina.

"Loweruka ndinapititsa madengu kushopu. Nthawi zonse amapititsa ndi bambo, koma anali ataledzera. Nditalowa ndinaona ana aja pashelefu, onse atavala buluu. Ndinati mwina ndi nsalu yofanana. Ndiye ndinanyamula mmodzi. M'mphepete mwa kadiresi kake munali ulusi wakuda." Anaonetsa ndi chala pachitenje chake. "Millie anakodwa pa waya wa kumpanda wa esiteti. Ulusi wabuluu ndinalibe, ndinasoka ndi wakuda. Anakwiya nane tsiku lonse. Msoko wanga ndimaudziwa."

Rosie anapitiriza.

"Ndinabwera kuno, ndinatsegula sutikesi. Munalibe. Dzulo m'mawa ndinatenga kiyi pa msomali."

"Munasesanso," anatero Namakhwa.

"Zidutswa zake zinali pansi, anthu akuziponda. Ndinatola zonse. Zinazo si zanga, ndinazisiya. Tiambulera tija, Millie sanakhalepo ndi ambulera, ankafunda pepala la pulasitiki."

Stella anakhala pansi tsopano, pamphepete pa mphasa. Nkhope yake inali itagwa.

"Rosie, amuna ako anandiuza kuti wavomera. Ndikulumbira. Anati wanena kuti bola mwana akumbukiridwe."

"Mukanandifunsa. Pa Chonde ndi pano si patali."

"Ndikanakufunsa, inde." Stella anapukuta kumaso ndi chikhatho. Kwa kanthawi anaoneka wotopa kuposa onse. "Koma tamvera. Anthu analipira kale, ndipo ndalamazo ndinagulira nsalu ndi kulipira amayi. Chaka chino alendo sakubwera kuphiri. Millie yekha ndiye akanatitulutsa, iye ndi tinthu take tija mpaka Khirisimasi. Ndikalephera Loweruka ndatseka shopu. Amayi onse aja, ndi iwe yemwe, mudya chiyani? Ndibwezere, Rosie. Mlandu ndithetsa pompano, bwana ali apa ndi mboni. Uli nazo kuti?"

Rosie anadzuka. "Tiyeni."

Anawatsogolera kuseri kwa nyumba, kudutsa m'nandolo, mpaka pamene munda unathera pa mtengo wa mbawa. Pamenepo panali mtumbira waung'ono wa dothi lofiira, wosalazidwa bwino ndi manja. Kumutu kwake kunali mtanda wa nsungwi ndi maluwa a m'tchire amene anali atayamba kufota.

"Kumanda sakanandilola, mulibe thupi," Rosie anatero. "Ndinawakulunga onse pamodzi m'nsalu yoyera, ndi zidutswa zomwe. Ndinakumba ndekha. Ndinaimba nyimbo imodzi, ndinapemphera. Dzulo ndi tsiku loyamba kugona tulo chichokereni madzi aja."

Stella anatembenukira kwa Namakhwa.

"Bwana, malamulo akuti chiyani? Katunduyo ndi wanga."

Namakhwa anayang'ana mtumbirawo. Malamulo ankawadziwa. Thonje ndi ntchito zinali za Stella, nsalu inali ya m'sutikesi ya Rosie, ndipo woyamba kutenga chinthu cha mwini anali pansi pa mango pa Thuchila. Akanatha kuwatengera onse atatu kupolisi, mlandu n'kumayenda mpaka iye atapuma pa ntchito. Koma pofukula pakanafunika wapolisi wogwira khasu, ndipo wapolisi amene analipo anali iye.

"Zidole ndi zanu, mayi, sindikukana," anatero. "Mukafuna, zitengeni. Koma ine ndinakumba mokwanira chaka chija. Pano sindikumba, ndipo sindituma munthu."

Rosie anabwerera kunyumba. Anabwera ndi khasu lija n'kulipereka kwa Stella ndi manja awiri, atapinda maondo mwaulemu. Stella analilandira asanaganize.

"Sipakuya kwambiri, mphamvu zinandithera," Rosie anatero. "Koma mukamakumba muyambire uku, kumiyendo. Mutu uli uko."

Stella anaima ndi khasu m'manja. Mphepo inkagwedeza nandolo wouma. Anasuntha phazi limodzi kufika pamphepete pa dothi lofiira, n'kuima. Foni inayamba kulira m'chikwama mwake, inalira mpaka inasiya yokha. Kenako anatsamiritsa khasu pa mbawa pang'onopang'ono, ngati akuopa kudzutsa munthu.

"Bwana, kalembeni kuti sanapezeke."

"Ndikalemba kuti mwini katundu wathetsa mlandu."

"Lembani zimene mukufuna."

Anayamba kubwerera m'munda, nsapato zake zikutitimira m'mizere. Atafika pakati anaima, osacheuka.

"Rosie. Madengu a Hawa aja akufunikabe Lachisanu. Ngati shopu idzakhalepo."

"Abwera," anatero Rosie. "Ndibweretsa ndekha."

Namakhwa anatsala pang'ono. Anafuna kunena mawu amene amanenedwa pamaliro, koma anali atawanena kambirimbiri moti anali atamuthera. Anangofunsa kuti mwanayo anali sitandade chani.

"Seveni. Ankafuna unamwino."

Namakhwa anagwedeza mutu n'kutsazika. Atafika pa nandolo anacheuka. Rosie anali atagwada pa mtumbira, akusalaza ndi chikhatho pamene phazi la Stella linaponda.